CITAGANYA CITATHA, ABALE ANASANDUKA ALENDO

Mlimi wa kwa Mpezeni akafuna kukaona mlongo wake wokwatiwa ku Mchinji, ayenera kuima pa cipata ca Mwami ndi kuonetsa pasipoti kapena kapepala kodutsira malire. Ambiri a inu mumafunsa kuti zimenezi zinayamba bwanji, popeza tsidya lino ndi tsidya ilo cinenero n'cimodzi, ndipo Acewa a ku Malawi amafika ku Mkaika caka ndi caka pa mwambo wa Kulamba. Malirewo ndi akale, anawalemba ndi Azungu. Koma anayamba kulimba pamene Citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland cinatha pa 31 December, 1963.

Citaganyaco cinayamba mu 1953, ndipo cinamanga pamodzi maiko atatu amene lero tiwacha Zambia, Malawi ndi Zimbabwe. Boma lake, limene linali ku Salisbury, ndilo linayang'anira za alendo ocokera kunja, za msonkho wa katundu wa pa malire, za ndarama ndi za positi. Cotero ndarama imene munthu analandira pa munda wa fodya ku Southern Rhodesia inagula mbuzi ku Katete osaisintha. Mu 1958 Southern Rhodesia inaika lamulo loletsa anthu akuda ocokera kunja kwa Citaganya kufuna nchito m'mizinda yaikuru. Lamulolo linagwera makamaka a ku Mozambique. Munthu wa ku Petauke kapena wa ku Dedza silinamkhudze, pakuti anamuwerengera ngati wa m'nyumba momwemo.

Tisaname kuti unali ufulu weniweni ai. Munthu wakuda anayendabe ndi citupa m'thumba, ndipo dziko liri lonse mwa atatuwo linasunga mphamvu yotsekera khomo munthu amene silinamfune. Dr. Banda atabwerera kwao mu 1958, sipanapite nthawi anamletsa kuponda mu Southern Rhodesia. Makolo athu anadana naco Citaganya pa zifukwa zomveka, ndipo anacita bwino kucigwetsa. Komabe citagwa cinapita pamodzi ndi kamwai kaja kamene kanalimo.

Pa msonkhano wa ku Victoria Falls mu 1963, atsogoleri anapangana za kagawidwe ka asilikari, nkhongole, njanji ndi magetsi a ku Kariba. Kunena za anthu, dziko liri lonse linatenga mphamvu yodziikira lokha lamulo lonena kuti mwini dziko ndani, mlendo ndani. Malawi analandira ufulu pa 6 July, 1964, Zambia pa 24 October caka comweco. Kuno kwathu, munthu amene anabadwira mu Northern Rhodesia pansi pa citetezo ca Britain anakhala nzika pa tsiku la ufulu osapempha kanthu. Koma uja anacokera ku Nyasaland ali wamkuru kale, ngakhale analima kwa Magodi zaka 20 nakwatira komweko, lamulo linamuyesa mlendo kufikira atalembetsa. Nyumba yake inali pomwepo, nkhokwe zake zinali pomwepo. Cinasintha ndi dzina limene Boma linamucha.

Amene anabvutika koposa ndi macona a kum'mwera. Ian Smith atalanda ulamuliro kwa Britain pa 11 November, 1965, ubale wa Zambia ndi Rhodesia unaipa, ndipo mu January 1973 malire a pa Zambezi anatsekedwa. Sitima za katundu zinayambanso kuoloka mu 1978. Zaka zonsezo bambo wogwira nchito ku Bulawayo analibe njira yapafupi yofikira pa maliro a amake ku Chadiza.

Cinthu cobvuta kumvetsa n'cakuti mlandu wotere sufika msanga. Umadikira ana ndi adzukulu. Mu 2001 Zimbabwe inasintha lamulo lake la unzika, nilamula kuti ali yense amene akanatha kukhala nzika ya dziko lina akane unzika winawo motsata malamulo a dzikolo. Ana a anchito a pa mafamu ndi m'migodi, amene makolo ao anacokera ku Malawi, ku Zambia ndi ku Mozambique, ambiri sanadziwe n'komwe kokakanira dziko limene sanalionepo. Anawalemba kuti ndi alendo, nawamana voti. Malamulo akuru a mu 2013 ndiwo anawabwezera unzika, atakhala zaka 12 opanda kwao.

Nafenso kuno tisadzitame. Dr. Kenneth Kaunda anabadwira ku Lubwa mu 1924, koma makolo ake anali a ku Nyasaland. Mu 1996 lamulo linaikidwa lakuti wofuna upulezidenti akhale wa makolo a mu Zambia onse awiri, ndipo mu 1999 Bwalo Lalikuru la ku Ndola linaweruza kuti iye sali nzika ya dziko limene analilamulira zaka 27. Ciweruzoco cinafafanizidwa pambuyo pake. Ngati zinamgwera munthu wodziwika cotero, nanga mlimi wa m'mudzi wa pa malire amene alibe pepala liri lonse losonyeza kumene anabadwira?

Lero zinthu zapepukako. Kuyambira mu 2016 malamulo a Zambia alola munthu kukhala nzika ya maiko awiri, ndipo mwana wobadwira kunja ali nzika ya Zambia ngati mmodzi wa makolo ake anali nzika pa nthawi ya kubadwa kwake. Izi zikhudza mabanja ambiri a ku Vubwi, Chipata ndi Lundazi, kumene mkazi wapakati amaoloka malire kukacirira kwa amake monga mwa mwambo. Koma mwanayo akadzafika zaka 16 nafuna khadi lobiriwira la rejisitireshoni, akuru a ofesi adzafunsa umboni. Kalata ya cipatala kumene anabadwira, khadi la sikelo ndi manambala a makhadi a makolo ake zisungidwe pouma, kosafika ciswe.