Miyala Yomira M'madzi Imene Ikukanganitsa Maiko Akuru

Sabata ino tiyeni tisiye pang'ono nkhani za pafupi, tipite kutali kum'mawa, kupyola India, kumene kuli nyanja ya mcere yochedwa South China Sea. Dzina limeneli limamveka kawirikawiri pa wailesi, ndipo limadza pamodzi ndi mau oti zombo za nkhondo za America ndi za China zayandikana moopsa. Munthu akamva cimene akuruwa akulimbirana amayamba waseka, pambuyo pace ndi kugwira pakamwa, pakuti cimene cikusonkhanitsa zombo zamphamvu koposa pa dziko lonse ndi miyala, ndipo ina mwa iyo imamira m'madzi tsiku ndi tsiku.

Nyanja imene tikunenayi ndi yaikuru ndithu. Mutatenga Nyanja ya Malawi ndi kuiikamo kokwana 100, malo angatsalebe. Kumpoto kwace kuli China ndi cisumbu ca Taiwan, kumadzulo kuli Vietnam, kum'mawa kuli zisumbu za Philippines, ndipo kumwera kuli Malaysia, Brunei ndi Indonesia. Muli nsomba zambiri, pansi pace pali mafuta ndi gasi, koma coposa zonse ndi njira. Mafuta ambiri opita ku China, Japan ndi South Korea amalowa pa mpata wopapatiza wa Malacca ndi kudzera m'nyanja yomweyi. Ife a m'migodi tisaiwalenso kuti mkuwa wa ku Zambia ndi ku Congo, ndi miyala ya citsulo ya ku South Africa, zikakwezedwa m'zombo pa Durban, Saldanha, Beira kapena Dar es Salaam, zambiri zimapita ku China, ndipo njira yace ndi yomweyo.

KAWERENGEDWE KA MAMAILOSI

Ine nchito yanga ndi ya ukalaliki pa mgodi, ndipo kalaliki ali yense adziwa kuti mikangano yambiri ya pa zenera la ofesi imacokera pa kawerengedwe: kodi tsiku lakutilakuti lilowe m'buku kapena lisalowe? Mkangano wa m'nyanjayi uli wotero. M'caka ca 1982 maiko anasonkhana ku Montego Bay, m'dziko la Jamaica, nasaina pangano la malamulo a pa nyanja, limene linayamba kugwira nchito mu 1994. Panganoli likuti dziko liri lonse liri ndi madzi aceace mamailosi 12 kucokera pa gombe. Kupitirira apo kufikira mamailosi 200, zombo za maiko ena ziri ndi ufulu wopita, koma nsomba ndi cuma ca pansi ndi za mwini gombe. Mailosi ya pa nyanja imatalika pang'ono kuposa ya pa mtunda: 12 ndi ngati makilomita 22, ndipo 200 ndi ngati makilomita 370.

Tsono nkhani yagona pa zisumbu. Cisumbu ceniceni, cimene anthu angakhalepo ndi kudzidyetsa okha, cimawerengedwa monga mtunda, cimalandira mamailosi 12 ndi 200 omwe. Thanthwe limene limaonekera nthawi zonse koma anthu sangakhalepo, limalandira 12 okha. Palinso mtundu wacitatu. Inu amene munafikako ku Beira kapena ku Durban mudziwa kuti madzi a nyanja ya mcere sakhala malo amodzi monga a nyanja zathu. Tsiku ndi tsiku amadzala ndi kuphwa. Mwala wa pakati pa nyanja umene umaoneka madzi akaphwa ndi kumira madzi akadzala, ulibe kanthu m'buku, sulandira ngakhale mailosi imodzi. Ndipo munthu akathirapo mcenga ndi simenti kuti ukwere, lamulo limauwerengabe monga unaliri poyamba. Taonani tsono: kamtunda kakang'ono kakalembedwa kuti ndi cisumbu, kangabweretse nyanja yoposa kukula kwa dziko la Zimbabwe, kakalembedwa kuti ndi mwala womira, mwini wace abwerera cimanjamanja.

Boma la China liri ndi kawerengedwe kena. Mu 1947 boma limene linalipo Akomyunizimu asanatenge dziko linasindikiza mapu okhala ndi timizere 11 tozinga pafupifupi nyanja yonse, tolendewera kumwera ngati lilime la ng'ombe. Boma la ku Beijing pambuyo pace linacotsapo tiwiri, ndipo mapu a timizere 9 ndiwo linawatumiza ku United Nations mu 2009. A ku China amati makolo ao akhala akupha nsomba m'madzi amenewa kuyambira kalekale, lamulo la 1982 lisanabadwe. Anansi ao amayankha kuti makolo ao naonso sanali kupha nsomba pa mtunda.

Mwazi unakhetsedwa kale pa nkhaniyi. Mu January 1974 zombo za China zinamenyana ndi za South Vietnam ku zisumbu za Paracel, ndipo China anatenga zisumbu zonsezo. Mu March 1988, pa thanthwe la Johnson South, m'gulu lina la zisumbu za kumwera lochedwa Spratly, panafa asilikari 64 a Vietnam. Mu 1992 a ku America anacoka pa doko lao lalikuru la nkhondo la Subic Bay, cifukwa aphungu a Philippines anakana kuonjezera pangano. Patangopita zaka zitatu, mu 1995, a Philippines anapeza timisasa ta pa nsanamira pa thanthwe la Mischief, mbendera ya China iri pamwamba. Boma la China linati ndi pousira asodzi mphepo ikabvuta. Owerenga adziweruzire okha ngati zinthu ziwirizi zinangokomana.

Timisasa timeneti lero kulibe. Kuyambira kumapeto kwa 2013 kufikira 2015 zombo zokumba za China zinayamwa mcenga pansi pa nyanja ndi kuuthira pa matanthwe 7 a ku Spratly, ndipo boma la America linawerengera maekala oposa 3,200 a mtunda watsopano. Ife amene timadziwa kuti kusuntha dothi ndi nchito yotani, tiyenera kubvomera kuti inali nchito yozizwitsa. Pa Fiery Cross, Subi ndi Mischief anamanga misewu yoterapo ndege yotalika ngati makilomita 3. Mu September 2015, ali ku White House ndi Barack Obama, mtsogoleri wa China Xi Jinping ananena kuti dziko lace liribe colinga cosandutsa malowo misasa ya nkhondo. Koma m'zaka zotsatira zithunzi zojambulidwa kumwamba zinaonetsa nyumba zosungira ndege, makina oonera zinthu kutali ndi malo a mizinga. Vietnam nayenso wakhala akuthira mcenga pa matanthwe amene iye agwira.

MLANDU WOPANDA MESENJALA

Mu 2012 zombo za China zinatseka thanthwe la Scarborough, kumene asodzi a ku cisumbu ca Luzon ankapha nsomba. Boma la Philippines, poona kuti mphamvu liribe, mu January 2013 linakasuma monga mwa pangano lija la 1982, limene maiko onse awiri analibvomera. Oweruza asanu anakhala ku The Hague, ndipo pa 12 July 2016 anagamula kuti timizere 9 tija tiribe maziko m'lamulo. Kuti ku Spratly konse kulibe cisumbu ngakhale cimodzi coyenera mamailosi 200. Ndi kuti Mischief, pamodzi ndi msewu wace wa ndege, ndi mwala womira wokhala m'madzi amene cuma cace ndi ca Philippines. Oweruzawo sananene kuti mwini wa zisumbu ndi yani, pakuti funso limenelo silinali m'manja mwao.

China anakana kubwera ku bwalo, nakananso ciweruzo, nati oweruzawo analibe mphamvu pa mlanduwo. Kwathu mlandu ukatha ku khoti, pamakhala mesenjala wokalanda mbuzi. Pa nyanja palibe mesenjala. Philippines anatsala ndi pepala, China anatsala ndi thanthwe, ndipo paja akuru anati fodya wako ndiye ali pamphuno, wa pacala ngwa mphepo.

Apa ndipo pamalowa zombo za America. Dziko limeneli silinena kuti liri ndi mwala wace m'nyanjamo. Cimene lifuna ndi cakuti zombo zace, za malonda ndi za nkhondo zomwe, zizipita pali ponse pamene lamulo lilola, popanda kupempha kwa munthu. Kuyambira 1979 liri ndi cizolowezi cotumiza combo ca nkhondo dala m'madzi amene dziko lina lawatenga mopitirira muyeso, ndipo limatero ngakhale kwa abwenzi ace. Nzeru yace ndi yomwe tiidziwa kumudzi: njira yodutsa m'mphepete mwa munda ikaleka kupondedwa imamera udzu, ndipo caka camawa mwini munda amailima. Cotero pa 27 October 2015 combo ca USS Lassen cinapita mkati mwa mamailosi 12 a thanthwe la Subi, ndipo maulendo otere akhala akubwerezedwa. Combo ca America cikafika, ca China cimacitsata ndi kucicenjeza pa wailesi kuti cicoke. Cikatha ulendo wace, a ku Beijing amalengeza kuti acipirikitsa, a ku Washington amalengeza kuti cinangopita njira yace. Ali yense walemba tsikulo m'buku lace.

Koma pali cinthu cimodzi cimene sicindikomera ine. Pangano la 1982 limene America akuliteteza ndi mizinga, aphungu a nyumba yace ya Senate sanalibvomere kufikira lero, ngakhale boma lace limati limatsata malamulo ace a kayendedwe ka zombo. China analibvomera mu 1996, koma anakana ciweruzo cocokera m'pangano lomwelo. Wina akugwira buku limene sanalembemo dzina lace, mnzace analembamo dzina koma akudumpha tsamba limene lamuwawa.

Atambala awiri akakomana sayamba ndi kujompha. Amayamba kuzungulirana, phiko liri pansi. Pa kucuruka kwa zombo China ndiye ali patsogolo, pakuti a ku America eni ace anawerengera zoposa 370 mu 2023, pamene zao sizinakwane 300. Koma America ali ndi zombo zazikuru zonyamula ndege 11, pamene China coyamba anaciyambitsa nchito mu 2012, caciwiri mu 2019, ndipo cacitatu anacitsitsira m'madzi mu 2022. Coopsa pa kuzungulirana kotere ndi cakuti oyendetsa ndi anthu, ndipo munthu amaphonya. Pa 1 April 2001 ndege ya nkhondo ya China inagundana ndi ndege yozonda ya America pafupi ndi cisumbu ca Hainan; woyendetsa wa China, Wang Wei, anafa, ndipo anthu 24 a America anasungidwa masiku 11. Pa 30 September 2018 combo ca China cinayandikira USS Decatur mayadi 45 okha. Mayadi 45 sakwana ndi theka lomwe la bwalo la mpira, ndipo zombo zotere ziribe mabuleki monga galimoto.

ZOMBO ZOYERA NDI COMBO CA DZIMBIRI

Philippines ali ndi pangano la 1951 lakuti iye ndi America adzathandizana wina akaputidwa ndi zida. Cifukwa cace zombo zotuwa za nkhondo za China kawirikawiri zimakhala kumbuyo, ndipo patsogolo pamabwera zombo zoyera za alonda a gombe ndi magulu a zombo za asodzi. Izi siziombera mfuti. Zimatsekereza njira, zimagunda, zimathira madzi amphamvu a m'mipope otha kuswa magalasi ndi kubvulaza anthu. Ngakhale eni masewerawo amapsa nao: pa 11 August 2025, pafupi ndi Scarborough, combo ca alonda a China cimene cinali kuthamangitsa ca Philippines cinagunda combo ca nkhondo ca China yemweyo, mphuno yace niphwanyika.

Pafupi ndi Mischief pali mwala wina womira wochedwa Second Thomas. Mu 1999 a Philippines anatenga combo cakale cochedwa Sierra Madre, comangidwa ku America mu 1944, nacikweza dala pa mwalawo. Ciri pomwepo, dzimbiri lokhalokha, ndipo m'kati mwace mumakhala kagulu ka asilikari osinthana. Comboco sicinacotsedwe m'buku la zombo za nkhondo za Philippines, kotero kuti wocigwira wagwira boma, ndipo pangano la 1951 likhoza kudzuka. Cakudya ndi madzi akumwa zimacokera ku cisumbu ca Palawan, mamailosi oposa 100, kupyola pakati pa zombo zoyera zija. Pa 17 June 2024 alonda a China, ena atagwira nkhwangwa ndi mipeni, anazinga timabwato tobweretsa katundu, ndipo msilikari wina wa Philippines anaduka cala cacikuru ca kudzanja. Masabata ocepa izi zisanacitike, mtsogoleri wa Philippines Ferdinand Marcos Jr. anali atanena ku Singapore kuti munthu wa dziko lace akaphedwa mwadala, cidzakhala pafupi kwambiri ndi nkhondo.

Mu July 2024 maboma awiriwo anagwirizana za kabweretsedwe ka katunduyo, koma mau a mgwirizanowo sanawaulule, ndipo ali yense amaufotokoza mwa njira yace. A ku China amati cakudya cipite, koma simenti ndi zitsulo zokonzera combo ai, pakuti a Philippines analonjeza kale kucicotsa. A Philippines amati lonjezo lotero kulibe. Madzi a mcere akudyabe citsulo ca 1944, ndipo a ku China adziwa kuti tsiku limene comboco cidzagwa, anyamata okhalamo adzasowa poima madzi akadzala.