Digiri Yaciwiri ya Maphunziro a Miyambo: Zofunika Kuti Mwana Aloledwe

Pakati pa caka ca 1946 ndi 1949, mzungu wina dzina lace John Barnes anali kukhala pakati pa Angoni a Mpezeni kufupi ndi Fort Jameson, kumene lero tikuti Chipata. Nchito yace inali kufunsa za maukwati, za milandu ndi za ufumu, nalemba zonse m'buku. Winanso, Max Marwick, anacita cimodzimodzi pakati pa Acewa, ndipo buku lace lonena za ufiti linasindikizidwa mu 1965. Maphunziro otere, ofufuza makhalidwe ndi miyambo ya anthu mwa kukhala nao pamodzi, amachedwa anthropology.

Barnes anatumidwa ndi Rhodes-Livingstone Institute, bungwe limene linakhazikitsidwa ku Livingstone mu 1937. Mmodzi wa atsogoleri ace, Max Gluckman, atacoka m'dziko muno anakayambitsa cigawo ca maphunziro amenewa pa yunivesite ya Manchester ku Britain mu 1949. Tsono cigawo cimeneco tinganene kuti mizu yace ili kuno kwathu. Koma cinthu cimodzi cimatiwawa: amene anali kumasulira mau a nkhalamba, kuwerenga nyumba m'midzi ndi kulemba mibadwo ya mabanja anali anthu akuda, ndipo maina amene anaoneka pa zikuto za mabuku ambiri anali a alendo. Lero mwana wa m'mudzi angathe kulemba yekha za kwao, pokhapo atakwaniritsa zimene mayunivesite afuna.

Digiri ya Master's ndi yaciwiri. Palibe amene aloledwa kuiyamba atangotsiriza Giredi 12. Ayenera kukhala ndi digiri yoyamba, imene pa yunivesite ya Zambia imatenga zaka zinai. Ndiponso kungopambana kokha sikukwanira. Manchester ifuna digiri ya mlingo umene Angerezi aucha Upper Second, pamene kuno madigiri amagawidwa m'milingo ya Distinction, Merit, Credit ndi Pass. Oyerekeza milingoyi ndi eni sukulu kumeneko, motero nkwanzeru kuwalembera kalata ndi kufunsa, banja lisanagulitse ng'ombe.

Mayunivesite ambiri a ku Britain sakakamiza kuti digiri yoyambayo ikhale ya anthropology. Wophunzira mbiri yakale, zilankhulo kapena zauphunzitsi angathenso kupempha malo. Atumize cikalata coonetsa mamalikisi a zaka zonse, makalata a aphunzitsi omucitira umboni, ndi kalata yace yofotokoza cimene afuna kukafufuza. Kawirikawiri afunanso mayeso a Cingerezi ochedwa IELTS. Pa kalata yace yofotokozayo ndi pamene mwana wa kumudzi ali ndi mwai. Wina angalembe mau akulu-akulu a m'mabuku, koma iye angathe kunena za cinthu cimene anaona ndi maso: mkangano wa munda pakati pa mwana ndi mphwa wa womwalira, kapena m'mene Nc'wala yasinthira kucokera pamene inayambanso mu 1980.

Akaloledwa, maphunziro amayamba m'mwezi wa September, natha miyezi 12. Nchito yonse imawerengedwa m'makirediti 180. Mwa amenewa, 120 ndi a maphunziro a m'kalasi, monga maganizo a akatswiri akale ndi njira zofufuzira, ndipo 60 otsalawo ndi a buku lace la wophunzira, lochedwa dissertation, limene amalemba moyang'aniridwa ndi mphunzitsi mmodzi. Mlingo wopambanira ndi 50 pa 100. Makolo amvetse bwino apa: wopambana za m'kalasi zokha osatsiriza bukulo sabwera ndi Master's, koma ndi dipuloma cabe.

Palinso lamulo limene kale silinali lolimba. Wophunzira asanafunse munthu aliyense, yunivesite iyenera kubvomereza njira yace, ndipo wofunsidwayo auzidwe colinga ca mafunso, napatsidwe ufulu wokana. Amene adziwa mwambo wa kudambwe ndi wa kucinamwali sadzadabwa nalo lamuloli, pakuti adziwa kale kuti si zonse zoona maso zimene zinenedwa pabwalo.

Cotsala ndi ndalama, ndipo nzambiri kotero kuti matumba a nshawa sangazikwanitse. Ambiri amadalira thandizo monga la Commonwealth kapena la Chevening, limene boma la Britain linayambitsa mu 1983. A Chevening afuna kuti wopemphayo akhale atagwirapo nchito zaka ziwiri, ndiponso alonjeze kubwerera kwao kwa zaka ziwiri akatsiriza. Mafomu ao amatsegulidwa m'mwezi wa August, natsekedwa mvula isanakhazikike, ndipo wosankhidwayo amanyamuka caka cotsatira.