Zovala za pa njinga yamoto: zimene a mipikisano angatiphunzitse

Caka ciliconse msika wa soya, thonje ndi fodya ukatsegulidwa, njinga zamoto zatsopano zimaculuka m'miseu ya ku Chipata, Katete, Petauke ndi Lundazi. Acinyamata ena amagula kuti azinyamula anthu, ena zoyendera kumunda ndi ku boma. Alipo ena amene mtima wao uli pa liwiro, cifukwa amaonera mipikisano pa TV ndi pa foni. Cimene ambiri saika pa bajeti ndi zovala. Ndalama zonse zimathera pa njinga, ndipo munthu amakwera atavala malaya a mpira ndi patapata.

Anthu amene afika patali pa nkhani ya zovala zodzitetezera ndi othamanga pa mabwalo a tala, monga a mpikisano wa MotoGP. M'caka ca 2023, Brad Binder wa ku South Africa anafika pa liwiro la makilomita 366 pa ola pa bwalo la Mugello ku Italy. Pa liwiro lotere, ulendo wocokera ku Lusaka kufika ku Chipata ungatenge ola limodzi ndi theka. Anthu amenewa amagwa kawirikawiri, koma nthawi zambiri amadzuka ndi kuyenda okha. Iwo amasankha covala poganizira tsiku lakugwa, osati maonekedwe ake. Akulu anati tsoka silinunkha.

Coyamba kugula ndi cisoti, cimene ambiri timati helemeti. Nkhani yake inayamba kumveka m'caka ca 1935, pamene msilikali wochuka wa ku Britain, T. E. Lawrence, anamwalira atavulala mutu pa ngozi ya njinga yamoto. Mmodzi wa madokotala amene anamusamalira, Hugh Cairns, anafufuza za imfa zotere, ndipo mu 1941 asilikali a ku Britain oyenda pa njinga zamoto analamulidwa kuvala zisoti. Kafukufuku wa mu 2008 anapeza kuti cisoti cimacepetsa imfa ndi 42 peresenti, ndi kuvulala kwa mutu ndi 69 peresenti.

Pa bwalo la mpikisano amalola cisoti cophimba mutu wonse pamodzi ndi cibwano, cifukwa munthu akagwa cafufumimba, cibwano ndi mano ndizo zimafika pansi. Pogula, yang'anani kansalu kosokedwa pa lamba wa pakhosi. Cisoti coyesedwa mwa malamulo a ku Ulaya cimakhala ndi cilembo E m'kati mwa kamzere kozungulira, ndi nambala yoyamba ndi 05 kapena 06. Ca 06 ndico ca muyeso watsopano. Pimani mutu wanu ndi tepi ya atelala, pamwamba pang'ono pa nsidze. Mutu wa masentimita 57 kapena 58 nthawi zambiri umafuna saizi M. Cisoti cabwino cimagwira masaya, ndipo mukapukusa mutu sicigwedera.

Cimene cimapulumutsa ubongo si cigoba ca kunja ai, koma cinthu coyera copepuka ca m'kati, conga cija amakutira naco wailesi m'katoni. Cimenyedwa, cimaphwanyika ndi kumeza mphamvu ya kugwako, ndipo sicibwereranso. N'cifukwa cake cisoti cimene cinagwapo ndi munthu n'coyenera kutaya ngakhale kunja cioneke bwino, ndipo kugula cisoti ca salaula ndi kugula cinthu cimene mbiri yake simuidziwa. Cisoti ca pa nchito ya zomangamanga kapena ca kumigodi anacipangira mwala wogwa kucokera pamwamba, si ca pa njinga. Ndipo lamba wosamanga amasandutsa cisoti kukhala cipewa wamba, cimene cimauluka mutu usanafike pansi.

Caciwiri ndi suti ya cikumba. Geoff Duke wa ku England ndiye anachukitsa suti yosokedwa pamodzi, jekete ndi buluku, ca m'ma 1950. Nchito ya cikumba ndi kutsetsereka pa tala popanda kung'ambika, kuti cidyeke ndico m'malo mwa khungu lanu. Jini imang'ambika nthawi yomweyo, ndipo nsalu yopyapyala ya nayiloni imasungunuka ndi kutentha ndi kumatirira pa cilonda. Masuti ambiri ndi a cikumba ca ng'ombe cokhuthala mamilimita 1.2 mpaka 1.4. Okwera mtengo ndi a cikumba ca kangaroo, nyama ya ku Australia, cimene n'copepuka koma colimba.

Ngati suti ndi ya zidutswa ziwiri, zipi yolumikiza jekete ndi buluku izungulire ciuno conse, kuti jekete isafunyuluke ndi kusiya msana pamtunda. Yang'ananinso misoko, cifukwa suti yoipa imathetheka m'misoko cikumba cikali cabwino. Kuyambira mu 2020, zovala zoyesedwa ku Ulaya zimalembedwa EN 17092 ndi zilembo AAA, AA kapena A. Za AAA ndizo zolimba koposa, ndipo ndizo zoyenera pa bwalo.

Poyesa suti musaimirire cilili ngati mukuyesa suti ya ukwati. Anaisoka mopinda, molingana ndi munthu wowerama pa njinga, conco mukaima imaoneka yothina pa mapewa. Njutani, pindani maondo ndi zigongono, kapena khalani pa njinga yeniyeni. Ikakhala yokhwepa, zochinjiriza za m'kati zimasuntha pa nthawi yakugwa, ndipo fupa limafika pansi lokha.

Zochinjiriza zimenezi ndi za pa mapewa, zigongono, maondo ndi m'ciuno, ndipo zimalembedwa EN 1621-1. Ca kumsana cimalembedwa EN 1621-2, ndipo nthawi zambiri cimagulidwa padera. Zonse zili ndi Level 1 ndi Level 2. Ca kumsana ca Level 2 cimalola theka cabe la mphamvu imene ca Level 1 cimalola kufika pa thupi. Kuyambira mu 2018, othamanga a MotoGP amalamulidwa kuvalanso thumba la mpweya m'kati mwa suti, limene limafufuma lokha munthu asanafike pansi ndi kuteteza mapewa ndi nthiti. Makampani a ku Italy, Dainese ndi Alpinestars, ndiwo anatsogola pa luso limeneli. Mtengo wake ndi waukulu, ndipo sililowa m'malo mwa cisoti kapena cikumba.

Manja ndi mapazi asaiwalike. Munthu akamagwa amatsogoza manja, ndipo kwa mlimi dzanja ndilo khasu. Magolovesi a pa bwalo ndi a cikumba, aatali ophimba mkono wa suti, okhala ndi lamba pa mfundo ya dzanja. Mangani lambayo, kenaka kokani. Akavuka, ndiye kuti adzavukanso pa tala. Nsapato zikhale zazitali zopitirira akakolo, zolimba moti simungazipotokole ndi manja. Majombo a mphira a kumunda amateteza ku matope, koma sacirikiza akakolo.

Kwa wacinyamata wofunadi kuyesa liwiro, malo ake ndi pa bwalo, kumene kulibe ngolo, mbuzi kapena ana a sukulu, ndipo ambulansi imakhala pafupi. Mabwalo a tala odziwika m'cigawo cathu ali ku South Africa, monga Kyalami pafupi ndi Johannesburg ndi Killarney ku Cape Town. Mipikisano ya m'dothi, imene amati motocross, ili ndi zovala zake zosiyana, zopepuka ndi zochinjiriza za pulasitiki. Bwalo lililonse lili ndi malamulo ake a zovala, conco funsani musanaononge ndalama. Safunsa anadya phula.

Nanga mlimi wa kanjinga ka 125 amene sadzapondapo pa bwalo? Simufunika suti ya mpikisano popita ku cigayo, ndipo kutentha kwa mu Okutobala simungaipirire. Koma tala wa pa Great East Road amasenda khungu mofanana ndi wa ku Mugello. Ndondomeko yogulira ndi yomweyo: cisoti coyesedwa coyamba, kenaka magolovesi, nsapato zophimba akakolo, ndi jekete yolimba ya zochinjiriza m'zigongono ndi kumsana. Kwa malo otentha kuli majekete a timabowo tolowetsa mphepo. Cikumba cikanyowa, ciumitseni pamthunzi, osati pamoto, cifukwa cimauma gwa ndi kusweka.

Lamulo la pamseu la dziko lino, Road Traffic Act ya 2002, limafuna kuti woyendetsa ndi wokwezedwa onse avale cisoti. Conco zisoti zikhale ziwiri, cifukwa wokhala kumbuyo nthawi zambiri ndi mai wopita ku kiliniki kapena agogo opita kumaliro. Inu makolo amene mukuthandiza mwana kugula njinga caka cino, patulani ndalama ya zisoti ndi zovala musanalipire njingayo. Ngati ndalama sizikwanira zonse, ndi bwino njinga idikire mwezi wina.