Wotchi ya Swichi Ikatsalira, Injiniya Amasokera

Banki kapena kampani ya mafoni sisunga deta ya makasitomala pa kompyuta imodzi ngati ya mu labu ya kusukulu kwanu. Deta imakhala m'madisiki ambirimbiri, ndipo maseva amafikira madisikiwo kudzera pa netiweki yapadera yotchedwa SAN. Pakati pa maseva ndi madisiki pamakhala maswichi, mabokosi olumikiza zingwe za faiba amene amalondolera deta komwe ikupita. Swichi iliyonse ili ndi wotchi yake, ndipo chilichonse chochitika imachilemba m'kaundula wake pamodzi ndi nthawi yomwe chachitikira.

Tiyerekeze kuti usiku wina zinthu zasokonekera. Swichi A yalemba kuti chingwe chaduka pa 02:15:40. Swichi B yalemba kuti seva yasiya kuona disiki pa 02:14:55. Injiniya akawerenga aganiza kuti vuto layambira ku seva, poti ndi kumene kwayamba kudandaula. Chonsecho wotchi ya B yangotsalira ndi mphindi imodzi basi. Munthuyo akhala akusanthula seva yabwinobwino mpaka kucha, uku anthu akulephera kutapa ndalama zawo.

Nanga makina odula chonchi wotchi yake ingatsalire bwanji? Apa ndi pomwe pali fizikisi. Wotchi ya m'makina imawerenga kunjenjemera kwa kamwala ka quartz, kofanana ndi ka mu wotchi yapamkono, komwe kamanjenjemera ka 32,768 pa sekondi. Koma palibe timiyala tiwiri tosemedwa mofanana ndendende, komanso kutentha ndi kuzizira kumasintha kanjenjemeredwe kake. Tinene kuti kamwalako kakuphonya ndi magawo 20 pa miliyoni, zomwe sizachilendo. Tsiku lili ndi masekondi 86,400. Chulukitsani ndi 20, mugawe ndi 1,000,000, mupeza masekondi 1.7 pa tsiku. Zochepa eti? Pa chaka ndi mphindi zoposa 10.

Ndiye maswichi sitiwasiya kuti aliyense azidalira kamwala kake. Amafunsa nthawi kudzera mu NTP, njira yomwe David Mills wa ku University of Delaware anakonza m'zaka za m'ma 1980. Gwero la nthawiyo ndi mawotchi a atomu. Kuyambira 1967, sekondi imodzi ndi nthawi yomwe cheza cha atomu ya caesium-133 chimanjenjemera ka 9,192,631,770. Maseva olumikizidwa mwachindunji ku mawotchi otere, kapena ku GPS, amagawira maseva ena, enawo n'kugawiranso anzawo. Pa maswichi a Brocade, mwachitsanzo, swichi yotsogolera ndi yomwe imafunsa seva ya NTP, kenako n'kugawira ena onse a pa netiwekiyo.

Chomwe ine chimandisangalatsa ndi ichi: funso ndi yankho zimatenga nthawi panjira. M'faiba kuwala kumayenda pafupifupi makilomita 200,000 pa sekondi, ndipo uthenga umachedwanso m'makina omwe ukudutsamo. Yankho likamafika, nthawi yomwe lanyamula yakhala kale yakale. NTP imathana nazo polemba nthawi zinayi. Swichi yatumiza funso wotchi yake ikuti 0.000. Seva yalandira wotchi yake ikuti 2.010, n'kuyankha pa 2.011. Swichi yalandira yankho wotchi yake ikuti 0.021. Ulendo wonse watenga mamilisekondi 21. Tikachotsa 1 yomwe seva inatha isanayankhe, atsala 20, kutanthauza 10 popita ndi 10 pobwera. Choncho funso linafika wotchi ya swichi ikuti 0.010, pamene ya seva inkati 2.010. Swichi yatsalira ndi masekondi 2. Masamu a Fomu 1 enieni! Kungoti NTP imangoganiza kuti njira yopita ndi yobwerera n'zotalika mofanana, ndipo zikasiyana, kaphonyedwe pang'ono kamatsala. Kusiyanako kukakhala kochepa, NTP sidumphitsa wotchi koma imaifulumizitsa kapena kuichedwetsa pang'onopang'ono, kuti nthawi m'kaundula isabwerere m'mbuyo.

Zoni ya nthawi ndi nkhani ina, ndipo ambiri amazisakaniza. Dziko limazungulira madigiri 360 pa maola 24, ndiye kuti madigiri 15 pa ola. Mu 1884 mayiko anagwirizana ku Washington zowerengera kuchokera pa mzere wodutsa ku Greenwich, ndipo lero nthawi yomwe onse amayambirapo ndi UTC. Malawi ali pa UTC+2: UTC ikamati 10:00, ku Lilongwe ndi 12:00. NTP imanyamula UTC yokha. Kuika zoni pa swichi n'kungoiuza maola oti iwonjezere poonetsa nthawi kwa munthu. Wotchi yotsalira, ngakhale muisinthire zoni kangati, ikhalabe yotsalira.

N'chifukwa chake mainjiniya ambiri amasiya maswichi onse pa UTC, ndipo ine ndikugwirizana nawo. Taganizirani kampani yokhala ndi swichi ina ku Johannesburg, ina ku London. Johannesburg ili pa UTC+2 chaka chonse, koma London imasintha: Lamlungu lomaliza la Okutobala, wotchi ikakwana 02:00 imabwezedwa pa 01:00. Usiku umenewo 01:30 imachitika kawiri. Kaundula wa ku London akangoti chingwe chinaduka pa 01:30, ku Johannesburg mukayang'ana pa 02:30 kapena pa 03:30?