Pamene Chikole Chinali Munthu

Alimi anzanga a ku Ulongwe, kwa Kalembo ndi midzi yonse ya m'mbali mwa Shire, dziko limene tikulimamo thonje ndi chimanga lero linali pa njira ya akapolo. Mafumu monga Liwonde, Kawinga, Jalasi ndi Mponda anali kugulitsa anthu kwa Aluya, ndipo Aluyawo anali kupita nawo ku Kilwa, kunyanja ya mchere.

Ambiri ayesa kuti akapolo onse anagwidwa pankhondo. Iai. Ena analowa ukapolo chifukwa cha ngongole ndi milandu. M'busa Duff Macdonald wa Mishoni ya Blantyre analemba m'buku lake la 1882 kuti anthu anali kuperekedwa polipira mlandu monga nsalu kapena mbuzi.

Zinali kuyenda chotere. Njala ikagwa, mwini mbumba anali kukongola chakudya, napereka mphwake akhale chikole. Pangano linali lakuti ngongole ikabwezedwa, mwanayo abwerere kwao. Koma kalata panalibe, ndipo mboni zina zinali kufa kapena kusamuka. Tsiku lokaombola, wina anali kunena kuti anangopereka chikole, mnzakeyo nati anagula. Nkhani inali kupita kubwalo la mfumu, ndipo ikakanika anali kumwetsana mwabvi. Mlandu uli mkati, ulendo wa Aluya ukafika pamudzi, mwana uja anali kugulitsidwa. Wopita ku Kilwa panalibenso womuombola.

Boma la Azungu litakhazikika mu 1891, Harry Johnston anathira nkhondo Liwonde mu 1893, ndipo asilikali a Bomalo anagonjetsa Kawinga ndi Jalasi mu 1895. Malamulo aakulu a dziko lathu a 1994 aletsa ukapolo, ndiponso mu 2015 panakhazikitsidwa lamulo lolanga ozembetsa anthu.

Komabe msampha wa pangano la pakamwa sunathe. Mwezi wa February nkhokwe zikauma, mlimi atenga katapila, naikiza munda, njinga kapena chimanga chosakhwima. Wina alola mwana wake apite ndi mlendo amene alonjeza ntchito ku esiteti ya fodya, osafunsa malipiro kapena tsiku lobwera. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Chifukwa chake muchite izi. Pangano lililonse lilembedwe: ndalama kapena matumba angati, tsiku lobweza, ndi chimene chidzachitika mvula ikakana. Pakhale mboni ziwiri ndi Nyakwawa, ndipo aliyense asunge pepala lake. Wosadziwa kuwerenga aitane mbale wake amuwerengere asanadinde chala. Munda wa mbumba usaikidwe chikole mbumba isanamve. Mwana asachoke pamudzi chifukwa cha ngongole ya akulu. Wina akaumiriza zotero, kanene kupolisi.

Ngati simukumvetsa pepala la ngongole ya feteleza kapena la kampani yogula thonje, bwerani nalo kwa Mlangizi tiwerengere limodzi musanavomere.