Woyendetsa Wosaoneka M'kati mwa Tisitima Tating'ono

Ana a kumidzi kuno akatola waya amapanga galimoto ya ciwongolero cacitali n'kumathamanga nayo pabwalo. Ku Germany, ku Britain, ku America ndi ku Japan kuli akuluakulu a imvi kumutu amene sanaleke masewera otere, koma iwo amasunga tisitima toyenda ndi magetsi pa tinjanji toyala pa thebulo m'nyumba. Tisitimati amatipanga mofanana ndendende ndi sitima zenizeni. Pa mtundu wochedwa HO ciwalo ciriconse amacicepetsa ka 87, pa mtundu wa N ka 160, ndipo pa mtundu wa Z, umene kampani ya Märklin inayamba kugulitsa mu 1972, ka 220. Kuti muone kucepa kwake, awerengi, njanji ya TAZARA yocokera ku Kapiri Mposhi iri ndi mpata wa mamilimita 1,067 pakati pa zitsulo zake ziwiri, pamene kanjanji ka N kali ndi mamilimita 9 cabe.

Kale mwini sitima anali kuyendetsa njanji osati sitima. Akaonjezera mphamvu ya magetsi, injini zonse zokhala pa njanjiyo zinali kunyamuka pamodzi, ndipo akazimitsa zonse zinali kuima. Wofuna kuyendetsa ziwiri mosiyana anali kudula njanji m'zigawozigawo, ciriconse ndi swici yake, mpaka pansi pa thebulo mawaya kucita ngati cisa ca mbalame.

Mankhwala a bvutoli anabwera pang'onopang'ono. Kampani ya Hornby ya ku Britain inayesa njira yake yochedwa Zero 1 mu 1979, koma imene inakhazikika ndi ya kampani ya Lenz ya ku Germany, imene madikoda ake oyamba anagulitsidwa mu 1989 m'tisitima ta N ta kampani ya Arnold. Mu 1993 bungwe la okonda tisitima ku America, la NMRA, linalengeza ganizo lakuti makampani onse atsate njira imodzi, ndipo anagwirizana pa njira yochokera kwa Lenz. Dzina lake lero ndi DCC.

Dikoda ya m'sitima siisiyana kweni-kweni ndi ija ya wailesi ya kanema: nchito yake ndi kumasulira uthenga. Njanji imakhala ndi magetsi nthawi zonse, ndipo magetsiwo amatembenuka kambirimbiri pa kamphindi, kugunda kwakufupi kuimira 1 ndipo kwakutali kuimira 0. Uthenga uliwonse umayamba ndi nambala ya injini. Ziri ngati mesenjala wa mfumu akamaitana pabwalo: onse amamva, koma amanyamuka ndi mwini dzina yekha. Motero injini ina ingathe kuima nyali zake ziri ngwee, inzake irikudutsa pambali.

Nchito yaikulu ndi kulowetsa dikodayo m'thupi la injini. Kainjini ka N ndi kakang'ono kwambiri, ndipo m'kati mwake mota, magiya ndi citsulo colemeretsa zinadzaza kale. Injini zatsopano zimabwera ndi pobayira pake, mwacitsanzo pa timano 6, ndipo pamenepo nchito ndi ya mphindi zocepa. Zakale ziribe, conco mmisiri amawocherera yekha ndi mtovu timawaya toonda ngati ulusi, monga acitira okonza mawailesi. Mitundu ya mawaya anapangana kale: wofiira ndi wakuda apita ku mawilo otenga magetsi ku njanji, wa mtundu wa lalanje ndi wotuwa apita ku mota, woyera ndi wa nyali ya kutsogolo, wacikasu ndi wa nyali ya kumbuyo, ndipo wa buluu ndiwo wothandizana ndi nyali zonse.

Pamene ambiri amagwera m'mbuna ndi pa mota. M'injini zambiri zakale za N cimango ca citsulo cinagawidwa pawiri, mbali iriyonse kutenga magetsi a citsulo cimodzi ca njanji n'kuwapereka ku mota mwa kungokhudzana nayo. Mwa njira yakale nzeruyo inali yabwino, pakuti sipanali kufunika waya. Koma dikoda iyenera kukhala pakati pa njanji ndi mota, ndipo ngati patsala pena pokhudzana, ngakhale pocepa ngati nsonga ya singano, magetsi a njanji amalowera ku khomo loturukira ndipo dikoda imapsa nthawi yomweyo. Ndalama zapita, sitima isanayende ndi phazi limodzi lomwe. N'cifukwa cake mmisiri wosamala amachinga malo onsewo ndi tepi yopyapyala yosasungunuka ndi moto, kenaka n'kupima ndi mita kuti atsimikize kuti mota yapatukadi ndi cimango.

Malo akasowa, amapala citsulo colemeretsa ndi tupa. Apa mpofunika kuganiza kawiri, cifukwa citsulo copalidwa sicibwerera, ndiponso injini yopepuka imaterereka ikakoka ngolo zambiri. Tizidutswa ta citsulo tikatsalira m'magiya timaononganso. Ena amene ali ndi injini zosapangidwanso, kapena zosiyiridwa ndi makolo, amasankha kuzisiya momwe ziriri, ndipo ife sitiona colakwa pamenepo. Tionjezenso kuti dikoda siicizanso injini yodwala: imene inali kutsimphina kale iyambe yatsukidwa ndi kudzozedwa mafuta.

Akatha kuwocherera sayiika msanga pa njanji yaikulu. Pali kanjanji kapadera ka magetsi ofooka, koyesera ndi kulemberapo malamulo, kumene kulakwa kumaoneka zinthu zisanapse. Dikoda iriyonse yatsopano imacoka ku fakitale ndi nambala 3, ndiye wosasintha nambalayo adzaona injini zake zatsopano zonse zikunyamukira limodzi monga kale. Pomwepo amaiuzanso kuti izinyamuka mwaulemu ndi kuima pang'onopang'ono ngati sitima yolemedwa ndi katundu, ndipo liwiro lingagawidwe m'makwerero 14, 28 kapena 128.

Mdani wotsala ndi fumbi. Kainjini kopepuka kakaponda litsiro magetsi amaduka kwa kanthawi, dikoda n'kudzidzimuka, nyali kuphethira, ndipo ngati muli kasipika kolira ngati sitima yeniyeni, kulirako kumayambanso poyamba. Ofuna kupewa izi amaikamo kosungira magetsi kochedwa kapasita, koma nakonso kafuna malo ake, ndipo m'kainjini ka N kawirikawiri kamakabisa m'cipinda ca woyendetsa kapena m'ngolo ya malasha.