Za Bwalo la Masewera la ku Lilongwe

Anyamata a kuno ku Chimbiya akangomva kuti ku Lilongwe kuli mpira, mitima yao siikhazikikanso. Khasu aliponya kuseri kwa nkhokwe, nathamangira ku mseu waukulu kukadikira basi. Tisafulumire kuwadzudzula, pakuti bwalo la Bingu nlodabwitsadi. Analimanga ndi amisiri a ku China, ndi ndalama za ngongole, ndipo linatsegulidwa pa 28 January 2017. Mumalowa anthu oposa 40,000. Pakati pali kapinga wa mpira, ndipo m'mbali mwache mwazungulira njira ya othamanga, imene anapikisanamo achinyamata a maiko a kumwera kwa Afrika mu December 2022.

Koma liripo tsiku limene sitingaliiwale. Pa 6 July 2017, pokondwerera ufulu wa dziko lathu, anthu anauzidwa kuti adzaonera ulere mpira wa Big Bullets ndi Silver Strikers. Khamu linasonkhana m'mamawa, koma zipata zinachedwa kutsegulidwa. Anthu anayamba kukankhana, apolisi naponya utsi wokhetsa misozi, ndipo m'chipwirikiticho anthu 8 anafa moponderezedwa. Mwa iwowa 7 anali ana. Mpira unaseweredwabe tsiku lomwelo, chinthu chimene ife chitivuta kumvetsa kufikira lero.

Chifukwa chache tikupemphani, inu makolo, mwana wamng'ono asapiteko yekha, ngakhale alire bwanji. Apite ndi wamkulu womgwira padzanja. Ndipo akaona kuti pachipata pathithikana, aime patali nadikire, ngakhale amve kuti mpira wayamba kale m'katimo.